DBT yathunthu kapena yongobwerekako zina: iti ikuyenera ndani?

Mukayamba kufunira chithandizo munthu amene mtima wake umaphulika mosachedwa, amene amadzivulaza kapena maganizo odzipha samuchoka, simupita patali musanakumane ndi zilembo zitatu izi: DBT. Madokotala amazitchula, alangizi amazilemba pa masamba awo a pa intaneti, ndipo mabuku ndi mapulogalamu a pafoni ndi ambirimbiri. Chovuta n'chakuti dzina limodzili likuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Wina akati amapereka DBT amatanthauza miyezi yambiri ya ntchito yolemetsa, yogwiridwa ndi alangizi angapo mogwirizana. Wina amatanthauza kuti anawerenga buku la maluso ndipo nthawi zina amapatsa anthu pepala loti akayesere kunyumba. Oona mtima mwa anthu achiwiriwa amalemba kuti DBT-informed, kusonyeza kuti amangobwerekako zina. Onsewa angathe kuthandiza, koma amathandiza anthu osiyana, ndipo amene amapwetekeka kwambiri zikasokonezeka ndi uja amene moyo wake uli kale pachiswe.

Chithandizochi, chomwe dzina lake lonse ndi dialectical behaviour therapy, anachiyambitsa ndi Marsha Linehan, yemwe panthawiyo anali katswiri wa za maganizo pa University of Washington ku Seattle. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ankathandiza amayi amene anayesapo kudzipha mobwerezabwereza, ndipo poyamba ankagwiritsa ntchito njira zosinthira khalidwe zimene zinalipo kale. Anaona kuti ukakankhira munthu wotere kuti asinthe, amamva ngati ukunena kuti ululu wake ndi wongodzipangitsa, ndiye amakwiya kapena amasiya kubwera. Ukangomumvetsera n'kumumvera chisoni, amataya mtima poona kuti moyo wake udakali pomwepo. Linehan anakonza chithandizo chonena zonse ziwiri nthawi imodzi: mmene mukumveramo m'pomveka, komabe muyenera kuphunzira kuchita mwina. Zotsatira za kafukufuku wake woyamba zinatuluka mu 1991, ndipo mu 1993 anatulutsa mabuku awiri, lina lofotokoza chithandizo chonse, lina la maluso. Amayi a m'kafukufukuyo anali ndi vuto lotchedwa borderline personality disorder, limene limachititsa munthu kumva zinthu mopyola muyeso, kuopa kutayidwa, kusemphana ndi anthu pafupipafupi komanso kuchita zinthu mopupuluma. Mu 2011 Linehan anaulula poyera kuti iye mwini ali mtsikana anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo kwa zaka zoposa ziwiri, ndipo kumeneko ankadzivulaza. Ukadziwa zimenezi umamvetsa chifukwa chake chithandizo chakecho chimasamala kwambiri za maola ausiku, pamene ofesi ya mlangizi ndi yotseka.

DBT yathunthu

Ili ndi mbali zinayi, ndipo zimayendera limodzi. Yoyamba ndi kukumana ndi mlangizi wanu, awiriwiri, kamodzi pa sabata kwa pafupifupi ola limodzi. Apa mpamene kusiyana ndi uphungu wamba kumaonekera msanga. Tsiku lililonse mumalemba pa khadi: chilakolako chodzivulaza chinafika pati, kuyambira 0 mpaka 5, maganizo odzipha anafika pati, mkwiyo, manyazi, mowa kapena mankhwala, ndi maluso amene munayesa. Mukalowa m'chipinda, mlangizi amayamba ndi kuwerenga khadilo, ndipo zimene zalembedwapo ndi zimene zimasankha nkhani ya tsikulo. Pali ndondomeko yosasintha: zoopseza moyo zimayamba, kenako zimene zikusokoneza chithandizo chenichenicho, monga kujomba kapena kusalemba khadi, ndipo pambuyo pake mavuto ena a moyo monga ntchito, ngongole ndi banja.

Tiyerekeze mayi wina wafika ali ndi nkhani yotentha ya abwana ake a kuntchito, koma pa khadi pakuoneka kuti Lachitatu usiku anadzivulaza. Mlangizi amati, "Za abwana anuwo tizifikako, koma tiyambe ndi Lachitatu. Ganizo lodzivulaza linabwera nthawi yanji?" Mayiyo amati, "Sindikudziwa, zinangochitika." Mlangizi savomera yankho limenelo, komanso samukalipira. "Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Dzuwa likulowa munali kuti?" Pang'ono ndi pang'ono zimatuluka. Usiku wathawo sanagone, masana sanadye. Madzulo anatumiza uthenga kwa amuna ake, anaona kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere. Ganizo linadza lakuti "atopa nane." Pachifuwa panathina. Anatumiza mauthenga ena angapo motsatizana, kenako anachita manyazi kwambiri ndi zimene analembazo. Atadzivulaza, mtima unakhala pansi kwa kanthawi. Kanthawi kameneko ndiko kamene kamachititsa khalidweli kubwereranso, choncho mlangizi amakatchula mosabisa. Akatero awiriwo amabwerera pa mfundo iliyonse ya tcheni cha zochitikazo n'kufunsana kuti pamenepa pakanalowa luso liti, ndipo amaliyeserera pomwepo m'chipindamo. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo ambiri saikonda, koma imachitika nthawi iliyonse munthu akadzivulaza.

Mbali yachiwiri ndi gulu lophunzira maluso, kamodzi pa sabata, maola awiri kapena awiri ndi theka, nthawi zambiri ndi aphunzitsi awiri. Limayenda ngati kalasi. Theka loyamba mumaona ntchito ya kunyumba, theka lachiwiri mumaphunzira luso latsopano. Maluso ake ali m'magawo anayi: kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika panopa popanda kuziweruza, kupirira nthawi yovuta popanda kuwonjezera mavuto, kuwongolera mmene mukumvera, ndi kukhala ndi anthu, makamaka kudziwa kupempha ndi kukana. Kumaliza zonse kumatenga masabata 24, ndipo m'ndondomeko yoyambirira amabwereza kawiri kuti chikwane chaka. Kwa achinyamata, Alec Miller ndi Jill Rathus anawonjezera gawo lachisanu lothandiza makolo ndi ana kupeza pakati pa mikangano yawo, ndipo makolo amakhala nawo m'gulumo.

Yachitatu ndi kuimbira foni mlangizi pakati pa sabata. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi imene anthu amaichepetsa kwambiri, pamene ndiyo imanyamula zambiri. Kuphunzira maluso m'kalasi kuli ngati kuphunzira kusambira uli pamtunda; foniyo ndi mawu a mphunzitsi pamene walowa m'madzi. Kuimbako ndi kwa mphindi zochepa, ndipo si nthawi yofotokoza mbiri yonse. Mlangizi amafunsa kuti, "Mwayesa luso liti? Chinthu chimene mumadzivulaza nacho chili kuti? Chichotseni kaye, ndikudikira." Mwina amakuuzani kuti mudzaze madzi ozizira kwambiri m'beseni, mugwire mpweya, muviike nkhope kwa masekondi angapo. Kuzizirako kumatsitsa kugunda kwa mtima, thupi limakhazikika, ndipo mutu umayambanso kuganiza. Luso limeneli amene ali ndi matenda a mtima ayenera kufunsa kaye dokotala asanaliyese. Palinso lamulo limene limadabwitsa ambiri: mukadzivulaza kale, simuimba kwa maola 24 otsatira, kupatula kufuna thandizo la kuchipatala ngati mwavulala. Cholinga chake n'chakuti muphunzire kuimba madzi asanafike m'khosi, komanso kuti kudzivulaza kusakhale njira yopezera chisamaliro.

Yachinayi wothandizidwa saiona n'komwe. Alangizi onse a pulogalamuyo amakumana sabata iliyonse kuti athandizane. Kuthandiza munthu amene angathe kufa sabata iliyonse kumachititsa mantha, ndipo mlangizi wamantha amalakwitsa m'njira ziwiri. Amafewa mopitirira n'kusiya kufunsa zovuta, kapena amatopa n'kuyamba kumuona munthuyo ngati wovuta dala. Gulu la anzake ndi limene limamubweza. M'ndondomeko ya Linehan, mlangizi amene sali m'gulu lotere sakupereka DBT yathunthu, kaya anaphunzira motani.

Musanayambe pamakhala masabata angapo okambirana ndi kugwirizana. Mumalonjeza kukhala m'chithandizo kwa nthawi yoikika ndi kulimbana ndi khalidwe lodzivulaza. Mukajomba kanayi motsatizana, kaya kugulu kaya kwa mlangizi, mwatuluka mpaka nthawi ya mgwirizanoyo itatha.

Umboni wamphamvu kwambiri uli pa mtundu umenewu. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2006, amayi 101 anagawidwa pawiri, ena kulandira DBT yathunthu, ena kuthandizidwa ndi alangizi ena odziwika kuti ndi akatswiri. Pa zaka ziwiri, mwayi woti ayese kudzipha unali pafupifupi theka kwa a DBT poyerekeza ndi anzawo, ndipo ochepa anasiyira panjira. Mu 2009 bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala ku England, linati kwa amayi a vutoli amene amadzivulaza mobwerezabwereza, madokotala aganizire pulogalamu yathunthu ya DBT. Kwa achinyamata odzivulaza, kafukufuku wa ku Oslo wa 2014 ndi wa ku United States wa 2018 anapezanso kuti imathandiza kuposa zimene anaziyerekeza nazo.

Mtengo wake ndi waukulu, ndipo sindikunena ndalama zokha. Ndi maola oposa atatu sabata iliyonse, kuphatikiza khadi ndi ntchito ya kunyumba. Mapulogalamu otere ndi ochepa, mizere yodikira ndi yaitali, ndipo m'madera ambiri kulibiretu. Ena amamva kuti malamulo ake ndi okhwima. Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti kafukufuku wa ku Canada wa anthu 240, amene anatuluka mu 2022, anapeza kuti miyezi isanu ndi umodzi ya DBT yathunthu sinachepe mphamvu poyerekeza ndi chaka chonse.

Gulu la maluso lokha

Apa ndiyenera kunena zimene okonda DBT yathunthu nthawi zina amazilumpha. Linehan mwiniwake anafuna kudziwa mbali imene imagwira ntchito kwambiri, ndipo mu 2015 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 99. Ena analandira zonse, ena gulu la maluso pamodzi ndi munthu wowayang'anira, ena mlangizi wa DBT popanda gulu la maluso. Kuyesa kudzipha kunatsika mofanana m'magulu onse atatu. Koma amene anaphunzira maluso anachepetsa kwambiri kudzivulaza ndi kuvutika maganizo kuposa amene sanaphunzire. Ku Toronto, kafukufuku wa 2017 wa anthu 84 anapeza kuti masabata 20 a gulu la maluso anachepetsa kudzivulaza poyerekeza ndi kungokhala pa mzere wodikira.

Choncho gulu la maluso ndi chithandizo chenicheni, ndipo munthu amene walipeza asadzione ngati walandira zotsalira. Komabe zotsatirazi muziwerenge bwino. M'kafukufuku wa 2015 uja aliyense anali ndi munthu womutsata payekha, ndipo onse othandiza ankatsatira ndondomeko imodzi yoyezera ngozi yodzipha ndi kuchitapo kanthu. Gulu limene limangokumana kamodzi pa sabata, popanda wina wodziwa zimene zikuchitika masiku ena asanu ndi limodzi, si limene anayesa. Njira imeneyi imakwanira bwino munthu amene vuto lake ndi mkwiyo, nkhawa, kudya mosadziletsa kapena kusemphana ndi anthu, yemwe moyo wake suli pangozi panopa, kapena amene ali kale ndi mlangizi kapena dokotala womuona pafupipafupi.

Mlangizi wobwereka ku DBT

Gulu la alangizi otere ndi lalikulu ndipo muli zonse. Muli mlangizi amene anagwirapo zaka zambiri m'pulogalamu yathunthu, tsopano akugwira yekha, akugwiritsabe ntchito khadi ndi kutsata tcheni cha zochitika, koma alibe gulu la maluso kapena la anzake. Mulinso wina amene anapita ku maphunziro a tsiku limodzi. Onsewa angalembe mawu ofanana pakhomo pawo, chifukwa palibe lamulo lowaletsa.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Alangizi otere amapezeka mosavuta, nthawi yake ndi yochepa, ndipo chithandizo chimatha kupindika malinga ndi munthu. Amene akulira maliro, amene akuvutika ndi nkhawa ya kuntchito, kapena amene akuthandizidwa ndi njira ina koma akufuna maluso awiri atatu odziletsera mkangano ukabuka, safunika chaka cha magulu ndi makhadi. Kumukakamiza zonsezo kungakhale kumusenzetsa katundu wosamuyenera.

Chimene chimatayika ndi mphamvu yokakamiza kuyang'ana kumene kukupweteka. Popanda khadi ndi ndondomeko ija, ola limatha ndi nkhani imene yatentha sabata imeneyo, ndipo kudzivulaza kwa Lachitatu kumangotchulidwa pomaliza, kapena osatchulidwa. Maluso amaphunzitsidwa mwa apo ndi apo, pamene vuto labuka kale, m'malo moyesereratu mtima uli m'malo. Usiku palibe woimbira. Mlangiziyo akatopa palibe womudzutsa.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi ichi. Munthu amene wakhala akudzivulaza kwa zaka amamva kuti DBT ndi chithandizo chimene chinapangidwira anthu ngati iye. Amapeza mlangizi amene walemba zilembo zitatuzo, amapita miyezi ingapo, amalandira mapepala, zinthu sizisintha. Ndiye amati, "Ngakhale DBT yandikanika, ine ndine wosathandizika." Chikhalirecho DBT yeniyeniyo sanailawe. Kwa munthu amene amaganiza kale zodzipha, kutaya chiyembekezo kotereku ndi koopsa. N'chifukwa chake ndimalemekeza mlangizi amene amanena mosapita m'mbali pa tsiku loyamba kuti, "Ine ndimagwiritsa ntchito maluso ena a DBT, koma iyi si pulogalamu yathunthu, ndipo ngati mungafunike yathunthu ndidzakuuzani."

Mabuku ndi mapulogalamu a pafoni

Monga chowonjezera ndi abwino, makamaka pobwereza zimene mwaphunzira kwina. Pa okha, kwa munthu amene ali pangozi, sindingawalimbikitse. Mu 2022 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa anthu oposa 18,000 ku United States amene ananena kuti amaganiza zodzipha kawirikawiri. Ena anapatsidwa mwayi wophunzira maluso anayi a DBT pa intaneti, ndi mauthenga ochepa owalimbikitsa. M'gulu limeneli pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse anadzivulaza, pamene mwa olandira chisamaliro cha nthawi zonse anali pafupifupi 3. Ambiri sanatsatire n'komwe maphunzirowo, ndiye sitinganene kuti malusowo ndi amene anawapweteka, koma n'zoonekeratu kuti kungomupatsa munthu wotere tsamba la pa intaneti sikunamuteteze. Ku Australia, m'kafukufuku wa ana asukulu oposa 1,000, pulogalamu ya masabata asanu ndi atatu yophunzitsa maluso otengedwa ku DBT inatha ana ophunzirawo akusonyeza nkhawa ndi kuvutika maganizo kochulukirapo kuposa anzawo amene sanaphunzire.

Posankha

Funso loyamba ndi la ngozi. Ngati m'miyezi yapitayi mwayesapo kudzipha, mukudzivulaza mobwerezabwereza, kapena mukulowa ndi kutuluka m'chipatala chifukwa cha zimenezi, funani DBT yathunthu ndipo musakhutire msanga ndi zochepa. Ngati moyo suli pangozi koma mtima umakuthawani ndipo maubale akusweka, gulu la maluso lingakupatseni zambiri pa nthawi ndi ndalama zochepa. Ngati vuto lanu lalikulu ndi lina, mlangizi wabwino wobwereka ku DBT akukwanirani. Ndipo ngati usiku uno mukuona kuti simungathe kudziletsa, zosankha zonsezi zidikire: pitani kuchipatala chapafupi kapena uzani munthu amene angakhale nanu.

Mukamafunsira malo, funsani molunjika. Kodi pali kukumana awiriwiri komanso gulu la maluso sabata iliyonse? Ndingaimbe pakati pa sabata, ndipo mpaka nthawi yanji? Kodi inuyo mumakumana ndi alangizi anzanu a DBT sabata iliyonse? Mumagwiritsa ntchito khadi? Ndikadzivulaza, tidzachita chiyani tikakumana? Munaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji? Maphunziro odziwika a magulu a alangizi amatenga masiku 10, ogawidwa pawiri, ndi miyezi yoyeserera pakati pake. Lilipo bungwe lotchedwa DBT-Linehan Board of Certification limene limayesa alangizi ndi mapulogalamu n'kuwapatsa satifiketi. Kukhala nayo ndi chizindikiro chabwino, ngakhale kuti alipo ambiri ogwira ntchito yabwino amene alibe. Mvetseraninso mmene akuyankhira. Amene amadziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso otere.

Musaiwale kuti DBT si njira yokhayo. Mu 2009, ku Toronto komweko, anthu 180 anagawidwa pakati pa DBT yathunthu ndi chisamaliro cha madokotala a maganizo chokonzedwa bwino, chokhala ndi ndondomeko yake, ndipo magulu onse awiri anachira mofanana. Palinso chithandizo chotchedwa MBT (mentalization-based treatment), cha Anthony Bateman ndi Peter Fonagy a ku London, chimene chili ndi umboni wake pa vuto lomweli. Njira ina yathunthu, yoperekedwa ndi anthu ophunzira bwino, ndingaisankhe kuposa DBT yodukaduka.

Nanga kumene DBT yathunthu kulibe, kapena mzere wodikira ndi wa miyezi yambiri? Musangokhala. Mungathe kulumikiza zidutswa nokha. Pezani mlangizi kapena dokotala amene avomere kukuonani pafupipafupi ndi kuyamba ndi khadi nthawi iliyonse. Lowani gulu la maluso kwina, ngakhale la pa intaneti, bola likhale ndi mphunzitsi weniweni ndi anthu enieni. Lolani mwa kulemba kuti awiriwo azilankhulana za inu. Kenako lembani limodzi ndi mlangiziyo pepala limodzi la nthawi yovuta: zizindikiro zosonyeza kuti zinthu zikuyamba kuipa, maluso atatu oyamba kuyesa, anthu awiri owaimbira, chipatala chopitako, ndi amene azisunga mankhwala ndi zinthu zina zoopsa kutali ndi inu. Pepala limodzi likhale kwa inu, lina kwa mlangizi, lina kwa munthu amene mumakhala naye. Dzina lanu lisachoke pa mzere wodikira uja, ndipo muziimba mwezi uliwonse kufunsa pamene lafika.